Nyimbo Yoingitsira Mpheta

Okutobala, chaka changa chomaliza pa ntchito

Tsiku limenelo kunatentha kuyambira mbandakucha. Pofika nthawi ya buleki, malata a sukulu yathu ya ku Makhuwira anali kuthetheka ngati nkhuni pamoto, ndipo nyenje za mumtengo wa nimu zinkalira osapumira. Kutsidya kwa msewu chigayo chinkagunda, a kabaza akuliza mabelu. Mphepo kunalibe ngakhale yogwedeza tsamba. Ndinali pakhonde la Fomu 3 ndikuchonga makope a Chichewa pamene ndinamva mayi anu akuimba. Panali patatha zaka zinayi chiwaikireni m'manda.

Mawuwo ankachokera pawindo la ofesi ya ahedi. Cholembera chinandipulumuka n'kugwera mumchenga, ine osachitola. Ndinangokhala, manja ali pamaondo, mpaka nyimbo inatha.

Ana anga, nkhani iyi mwaimva zidutswazidutswa kwa anthu ena, ndipo ena anakuuzani kuti bambo wanu anamana ana asukulu mwayi chifukwa cha kuuma mtima. Ndikufuna muimve kwa ine mwini. Muli zina m'menemu zomwe sizindikometsa, koma ndizilemba ndithu.

Tengani, zaka zanga zoyamba

Boma linanditumiza koyamba kusukulu ya pulayimale ya kwa Tengani. Ndinafika ndi sutikesi imodzi, mphasa ndi Baibulo. Ahedi anga oyamba, a Kampira, anali munthu wamfupi, wolankhula pang'ono, woopa kuwononga katundu wa boma kuposa mmene ankaopera njoka. Ataona kuti sindimwa mowa, anandipatsa makiyi a kabati momwe munkakhala wailesi ya sukulu, ya kaseti, yomwe ana ankamverapo maphunziro. Anati, "Aphunzitsi, wailesi iyi ikafa, tifere limodzi." Mabatire ankabwera mwa apo ndi apo. Akafooka tinkawayanika padzuwa pamwamba pa chimbudzi, ndipo ankatipatsako mphindi zochepa asanagonenso. Choko chikatha tinkalemba ndi chinangwa chouma. Sindinkadandaula. Ndinali mnyamata, ndipo ndinkaona ngati dziko lonse likuyembekezera ine kuti ndiliphunzitse kuwerenga.

Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi mayi anu, Naphiri. Nthawi ya mapira akamakhwima, ankakhala pansanja pakati pa munda wa mayi awo kuingitsa mpheta. Anzawo ankangokuwa ndi kumenya zitini. Iwo ankaimba, ngati akukambirana nazo mbalamezo:

Mpheta iwe, dya pang'ono,
ngala imodzi undisiyire,
kunyumba kuli ana.

Titakwatirana, Loweruka lina ndinabwera ndi wailesi ija kunyumba kuti ndiikonze chivundikiro. Ndinali ndi kaseti yopanda kanthu ndi mabatire awiri oyanika. Ndinawapempha kuti aimbe, ndiyese ngati makina akujambula. Anakana kawiri. Kachitatu anaimba akusenda mtedza, ndipo chakumapeto anaseka n'kunena kuti, "Zimitsani, inu, mukutha mabatire a boma." Kuseka kumeneko kunalowa mukaseti. A Kampira sanadziwe, ndipo ine sindinawajambulenso mayi anu moyo wawo wonse. Ndinkaganiza kuti nthawi ilipo.

Chaka chomwe mayi anu anatisiya

Kuchoka kwa Tengani ndinakaphunzitsa ku Ngabu, ndinawonjezera maphunziro, kenako ananditumiza kusekondale ya masana ya ku Makhuwira. Ndi komwe mayi anu anadwala. Za matenda awo mukuzidziwa, munalipo. Chimene simudziwa ndi chimene ndinachita pa tsiku logawa katundu wawo.

Mwa mwambo wathu, zinthu za mkazi zimabwerera kumbumba yake, ndipo wogawa ndi mwini mbumba. Atsibweni anu, a Alufandika, anakhala pampando pabwalo, mayi anu aang'ono a Melesi ali pamphasa pambali pawo. Tinatulutsa zonse: nsalu, mapoto, makina osokera, yunifomu ya chigwirizano cha amayi, ngakhale lichero lobooka. Kaseti ija inali m'bokosi lawo la singano, pakuti ankaisunga ndi iwo. M'mawa wa tsikulo ndinaichotsamo n'kuiika m'thumba la jekete langa. Atamaliza kugawa, atsibweni anu anandifunsa, "Alamu, palibe chatsala m'nyumbamo?" Ndinati palibe. Anafunsanso kachiwiri, ndinayankhanso chimodzimodzi. Ine mkulu wa mpingo, pamaso pa anthu, maliro asanazizire. Ndinkaopa kuti akaitenga ndiye kuti mayi anu achoka kachiwiri.

Ndinkaimvera ndekha, chitseko chili chotseka, kamodzi pamwezi kapena kuchepera apo, kuopa kuti tepi ingathe.

Kalabu ya podikasiti

Patapita zaka ziwiri, bungwe lina lothandiza achinyamata linabwera ndi laputopu imodzi ndi kachipangizo kojambulira mawu, kuti ana azipanga podikasiti. Imeneyi ndi pulogalamu ngati ya pawailesi, koma anthu amaimvera pafoni nthawi yomwe afuna, n'kumatumizirana. Ahedi athu atsopano, a Dzimbiri, anali munthu wansangala, wokonda zikho ndi masatifiketi opachika pakhoma. Atamva kuti kale ndinkasunga wailesi ya sukulu, anati, "Ndiye injiniya tili naye kale." Kalabu inagwera ine.

Ana awiri ndiwo ankaitsogolera. Zuze anali mnyamata wa Fomu 2 pa nthawiyo, wa m'banja la asodzi a kudambo, wachangu pa makina ndi pakamwa pomwe. Tiyanjane anali mtsikana wa mumpingo mwathu, wofatsa, wa mawu omveka bwino powerenga. Pulogalamu yawo yoyamba, ya kusefukira kwa madzi, anaitsegula ndi nyimbo ya woimba wina wotchuka. A bungwe anaibweza. Analemba kuti nyimbo iliyonse ili ndi mwini, ndipo kuigwiritsa ntchito popanda chilolezo chake n'kuphwanya lamulo. Zuze anakwiya. "Sala, nyimboyi ikulira m'minibasi iliyonse, ndiye ife tokha ndi amene taiba?" Ndinamuuza kuti chinangwa cha m'mphepete mwa njira chimazulidwa ndi ambiri, koma munda sukhala wopanda mwini chifukwa cha zimenezo.

Kuyambira pamenepo ntchito yanga yaikulu inali yosaka nyimbo zololedwa. Sindinkadziwa kuti n'kovuta chotero. Pa intaneti pali nyimbo zomwe eni ake analoleza anthu kugwiritsa ntchito ulere, koma iliyonse ili ndi malamulo ake m'Chingerezi chopota: iyi utchule mwini wake, iyi usaisinthe, iyi usapange nayo malonda. Ndinkawerenga ndi dikishonale pambali, bando ya intaneti ikutha. Magetsi amapangidwa pa Kapichira, boma lathu lomweli, koma ankatha kuthima nyimbo ili pakati potsika. Ndipo zikatheka, zinali piyano zozizira za kumayiko ozizira. Tiyanjane anamvera imodzi n'kunena kuti, "Sala, iyi ikumveka ngati munthu ali m'chipatala cholipira." Tinapempha kwaya ya kutchalitchi, koma tinapeza kuti nyimbo zawo zambiri anatengera kwa makwaya a pawailesi. Bandi ya anyamata a pamsika inafuna malipiro omwe sukulu inalibe. Tinayesa kuimba tokha ndi zisekese ndi ng'oma, koma chigayo cha kutsidya chinkalowa m'zojambula zonse.

Tsiku lina ndinawafotokozeranso kuti nyimbo imasanduka ya aliyense mwini wake akamwalira n'kupita zaka makumi angapo. Ndinatsindika za zakazo. Koma mwana amamva mbali yomwe ikumuthandiza.

Nthawi yomweyo wailesi yanga inayamba kutafuna matepi. Ndinachita mantha. Loweruka lina ndinabwereka zipangizo za kalabu, ndinaliza kaseti ija pafupi ndi kojambulira, n'kusunga mawuwo mulaputopu pa dzina lakuti "Naphiri, malemu". Ndinawatumiza pafoni yanga. Kufufuta mulaputopu ndinaiwala.

Okutobala uja

Chaka chimenecho bungwe lija linakonza mpikisano wa sukulu za m'chigwa chonse. Opambana akapita ku Blantyre kukaphunzira kwa akatswiri a wailesi. Ana athu anapanga pulogalamu ya mpheta zomwe zinkamaliza mpunga m'minda ya makolo awo. Sabata yomwe ankaimaliza ine ndinali ndi malungo, ndipo sindinaimve isanatuluke.

Nyimbo itatha tsiku lotentha lija, ndinadzuka n'kulowa muofesi. A Dzimbiri anali ndi Zuze ndi Tiyanjane, nkhope zawo zili ngwee.

"Aphunzitsi, bwerani mudzamve golide!" anatero ahedi. "Mayi wina wakumudzi, anamwalira kalekale. Palibe wotilipiritsa. Ndatumiza kale kwa makolo ndi kwa aphunzitsi a zoni yonse, mafoni akungolira."

"Mwaitenga kuti?" ndinafunsa.

"Mulaputopu, sala," anayankha Zuze monyadira. "Palembedwa kuti malemu. Paja munati mwini akamwalira, nyimbo ndi ya aliyense."

Tiyanjane ankayang'ana pansi.

Ndinati, "Amenewo ndi akazi anga."

Kunja nyenje zinkapitiriza. Kenako a Dzimbiri anakhosomola, n'kukoka pepala m'dilowa. Linali fomu ya mpikisano, pomwe mwini nyimbo amasaina kuti walola. Inkayenera kufika Lachisanu, ndipo tsikulo linali Lolemba.

"Pepani kwambiri, aphunzitsi, sitinadziwe. Komabe onani mmene Mulungu amakonzera zinthu. Mwini wake tili naye pompano. Sainani apa."

"Mwini wake sindine."

"Aa, mkazi ndi wanu, ndiye nyimbo ikhale ya ndani?"

"Ya kwawo. Ndiyenera kukafunsa kwa Tengani."

Sindinawauze chomwe chinkandilemera kwenikweni. Kukapempha chilolezo kunali kukaulula kuti ndinanama pa tsiku logawa katundu. Kusaina ndekha kunali kunamanso, ndipo ulendo uno pamaso pa ana omwe ndakhala ndikuwaphunzitsa kuti chinthu cha mwini chimapemphedwa. Madzulo amenewo ndinakhala pakhonde la nyumba ndi fomu ija. Ndinalemba chilembo choyamba cha dzina langa papepala lina, kuyesa dzanja. Ndinapemphera, koma sindinamve yankho lililonse latsopano. Lomwe ndinali nalo kale linali lokwanira.

Ulendo wa kwa Tengani

Lachiwiri ndinakwera kabaza mpaka padoko, ndinaoloka Shire pabwato, n'kukwera minibasi ya ku Nsanje, kaseti ili m'thumba la jekete lomwe lija. Koma nyimbo inali itanditsogolera. Ndinapeza mayi anu aang'ono maso ali otupa. Dzulo lake ali pamjigo, mtsikana wina analiza foni, iwo n'kumva mawu a mkulu wawo. Ndowa inawagwa pamutu.

Atsibweni anu anali pansi pa mtengo wa masau akusoka ukonde. Tinalonjerana monga mwa nthawi zonse. Ndinatulutsa kaseti n'kuiika pamphasa, ndipo ndinafotokoza zonse, osasiya kanthu.

"Alamu," anatero osasiya kusoka, "tsiku lija ndinakufunsani kangati?"

"Kawiri."

"Munati bwanji?"

"Ndinati palibe."

"Nkhabe, palibe, eti? Mkulu wa mpingo." Anaduladula ulusi ndi mano. "Inu mukuyesa ine sindipenya? Jekete m'mwezi wotentha ngati uja, dzanja lili pathumba ngati mwasunga mwana wa nkhuku. Ndinafunsa kachiwiri kuti mwina mungalimbe mtima. Mutakana, ndinati asiyeni, adzabwera nacho okha. Koma zaka zinayi, alamu! Fulu akadafika kale."

Ndinalira pamaso pawo, chinthu chomwe sindinachite ngakhale kumanda. Iwo anangopitiriza kusoka mpaka ndinaleka.

Kenako a Melesi analankhula. Anati maimbidwe ake ndi a mayi awo, agogo anu, ndipo Naphiri anangoikamo mawu ake. Anatola kaseti n'kuimanga kunsonga ya chitenje. "Iyi ikhala kuno. Ya pafoni yanuyo sungani, munakhala nawo bwino achemwali anga." Nditawaonetsa fomu, anaiyang'ana mozondotsa n'kundibwezera. "Chala ndidinda, koma osati kwa inu. Abwere amene anatengawo. Adzandiyang'ane kumaso, adzamve kuti ankaimbayo anali munthu, anali ndi kwawo. Ine ndamva m'bale wanga pamjigo, pafoni ya mwana wosamudziwa, ngati nyimbo ya kumowa."

Ndinati, "Takhuta," mawu othokozera a kwawoko.

Lachitatu mpaka Lachisanu

A Dzimbiri anakana kuwatulutsa anawo. Anati mkati mwa sabata mwana wamkazi sangaoloke Shire popanda kalata ya makolo ndi ya kuofesi ya maphunziro, ndipo sukulu ilibe galimoto. Pamenepo sananame. Koma anatsekanso chitseko n'kunena motsitsa mawu, "Achimwene, tisavutane. Ku Blantyre ndani akudziwa za mbumba ya kwa Tengani? Akufuna siginecha basi. Mwatsala miyezi iwiri kuti mupume. Mukufuna ana awa azikukumbukirani bwanji?"

Ndinawapempha kuti tichotse nyimboyo, tiike ya piyano ija. Zuze anayesa, koma pulogalamu yonse anaimanga pa nyimboyo, mawu a alimi akulowa pakati pa mavesi, ndipo Lachinayi lonse magetsi kunalibe. Lachisanu m'mawa fomu inali padesiki langa, cholembera chili pamwamba pake. Zuze anaima pakhomo la sitafu.

"Sala, ine sindinafikeko ku Blantyre chibadwire."

"Ndikudziwa, mwana wanga."

"Ndiye n'chifukwa chiyani?"

"Chifukwa si yanga."

Sindinasaine. Sukulu yathu sinalowe mumpikisano.

Masabata otsatira anali olemera. Pa asembule a Dzimbiri anauza ana kuti mwayi wawo watayika chifukwa cha "anthu ena okonda zakale kuposa tsogolo la ana". Sanatchule dzina, ndipo panalibe chifukwa cholitchulira. Kalabu inaleka kukumana. Ndikamadutsa, anyamata ena ankaimba mluzu wa nyimbo ya mayi anu kumbuyo kwanga. Pabolodi la Fomu 4 ndinapeza atajambula mpheta yovala jekete. Ndinaifufuta n'kuyamba phunziro. Chondipweteka kuposa zonse chinali pamsika: mnyamata wina woika nyimbo m'mafoni a anthu anawonjezeramo ng'oma za makina, ndipo kuseka kwa mayi anu kuja, kwa mabatire a boma, anakubwereza katatu kuti anthu azivinira. Ndinasiya kudzera njira ya kumsika. Sindibisa: ndinali ndi mkwiyo, ndipo Lamulungu ziwiri sindinayandikire ku Mgonero.

Disembala, mvula yoyamba itagwa

Nditatsala sabata imodzi kuti ndipume, ndinali kudzala chimanga kuseri kwa nyumba pamene ndinamva odi. Anali Tiyanjane ndi Zuze, mapazi ali matope. Tiyanjane anagwada patali.

"Sala, Zuze sankadziwa. Ine ndinkadziwa. Ndinali m'kwaya ya ana pa maliro aja, ndipo mawu awo ndinawazindikira atangoyamba kuimba. Ndinakhala chete chifukwa nyimboyo inali yokoma, ndipo ndinkafuna tipambane. Ndinaganiza kuti mukaimva itatha kale, simukana."

Zuze anatulutsa pepala lopindapinda m'thumba la pulasitiki. Linali fomu ija. Pansi pake panali chidindo cha chala cha a Melesi. Anawo anali atapita kwa Tengani Loweruka lapitalo, pamodzi ndi mayi ake a Tiyanjane, atanyamula nsomba zouma za bambo ake a Zuze.

"Anatikhazika padzuwa, sala," anatero Zuze. "Anatifotokozera mbiri ya amayi kuyambira ali khanda mpaka dzuwa kupendeka. Agogo aamuna aja anati ndili ngati mlamba, ndevu zazikulu koma wosamva. Kenako anatipatsa chakudya."

"Mpikisano unatha kale," ndinatero. "Pepalali mupita nalo kuti?"

"Kulibe. Tangobwera nalo kwa inu."

Anandimveretsa pulogalamu ija ataikonzanso. Isanayambe nyimbo, mawu a Tiyanjane ankanena dzina la mayi anu, la agogo anu, mudzi wawo, ndi kuti banja lawo lalola. Kuseka kuja anakuchotsa. Anati a Melesi analamula kuti kumeneko n'kwa m'nyumba.

Pa mwambo wonditsanzika, a Dzimbiri analankhula nthawi yaitali za zikho zomwe sukulu inapata. Chakumapeto anaima pang'ono n'kunena kuti, "Pali zina zomwe ndinalankhula pa asembule, kunkatentha." Sanapitirire apo. Pondipatsa mphatso anandigwira dzanja nthawi yaitali, osandiyang'ana kumaso. Kwa munthu ngati iwo, pamenepo anali atayenda mtunda.

Fomu ija ili m'Baibulo langa, mudzaipeza. Kaseti ili kwa mayi anu aang'ono, ndipo mukaifuna mukapemphe kwa iwo, musakangotenga. Ya ng'oma za makina ija ikadalipo m'mafoni a anthu, palibe angaibweze. Chaka chatha ndinaimva m'minibasi ya ku Nchalo, kondakitala akugwedeza mutu, osadziwa kuti mkulu wakhala kumbuyoyu ndani. Zimandipwetekabe. Mawu aja sadzakhalanso anga ndekha, ndipo ndazindikira kuti sanakhalepo anga ndekha.

Zuze akusodza ndi bambo ake, ndipo akakhala ndi nsomba yabwino amadzera kuno. Ku Blantyre sanapitebe. Tiyanjane akuphunzira uphunzitsi. A Dzimbiri anasamutsidwa. Mukadzakumana ndi aliyense wa iwo, mudzamulonjere bwino, musadzamusungire kanthu m'malo mwanga. Atsibweni anu anandidikira zaka zinayi osandichititsa manyazi. Ine zinanditengera miyezi iwiri ndi mapemphero ambiri, koma ndinawakhululukira onse.